Ma ARV okha satseka khomo la khansa

Kuyambira pomwe boma lidayamba kupereka mwaulere mankhwala otalikitsa moyo a ma ARV mu 2004, maliro a Edzi adatsika kwambiri moti achinyamata a lero sangamvetse akauzidwa kuti padali nyengo yomwe amisiri okhoma mabokosi ndiwo ankachita mphumi pa tauni iliyonse. Kafukufuku wa MPHIA yemwe adachitika mu 2020 ndi 2021 adapeza kuti mwa akuluakulu 100 alionse omwe akumwa mankhwalawa m'dziko muno, pafupifupi 97 tizirombo ta HIV tidagonja m'magazi mwawo. Apa dziko lili ndi chifukwa chonyadira.

Komabe pali maliro ena omwe sakuleka. Ndi maliro a mayi yemwe kwa zaka khumi sadadumphitsepo kumwa mankhwala, thupi lidabwerera, geni yake ya tomato pamsika idayambiranso, kenaka n'kuyamba kutaya magazi mosalekeza. Ndi maliro a bambo wa kabaza yemwe mwendo udatupa n'kuuma gwa ngati chipika. Pa siwa anthu amanong'onezana funso limodzi: nanga si malemuwa amamwa mankhwala mokhulupirika, chawatenga n'chiyani? Ena amathamangira ku ufiti. Ena amati mankhwalawo ndiwo adawaotcha m'kati. Onsewa akuphonya, ndipo kuphonya kwawo kukuphetsa anthu ena omwe akadapulumuka.

Chomwe madokotala adachitsimikiza kalekale n'chakuti kachirombo ka HIV kawirikawiri sindiko kamasandutsa maselo a m'thupi kukhala khansa. Ntchito imeneyo imagwiridwa ndi tizirombo tina tomwe munthu amakhala nato kale, nthawi zina kuyambira ali mwana. Golosale ikathyoledwa usiku, yemwe adaledzeretsa mlonda ndi yemwe adasenza katundu amatha kukhala anthu awiri osiyana. HIV ndiyo imaledzeretsa mlonda, chifukwa imapha asilikali a m'thupi omwe kuchipatala amawerenga ngati CD4. Osenza katundu ndi tizirombo tinayi todziwika bwino: HHV-8, HPV, Epstein-Barr ndi kachirombo ka matenda a chiwindi a hepatitis B. Ma ARV amadzutsa mlonda uja, koma sapirikitsa akuba omwe adalowa kale m'nyumba.

N'chifukwa chake sikulakwa kunena kuti chipatala cha ma ARV chomwe chimangoyeza sikelo, kuwerenga mapilitsi otsala ndi kutenga magazi a viral load chikugwira theka la ntchito yake. Munthu yemwe ali ndi HIV ndi mmodzi mwa Amalawi ochepa omwe amaonekera kuchipatala chaka ndi chaka ngakhale asakumva kupweteka kulikonse. Mwayi umenewu ndi waukulu, ndipo kuulola kudutsa popanda wina kumuyang'ana m'kamwa, kumapazi kapena khomo la chiberekero ndi kutaya madzi uli pachitsime.

Khansa yomwe idayamba kuulula ubale umenewu ndi ya pakhungu yotchedwa Kaposi sarcoma. Dzinali ndi la dokotala wa matenda a pakhungu, Moritz Kaposi, yemwe adalemba za nthendayi ku Vienna mu 1872, zaka zoposa 100 Edzi isanadziwike. Ku Ulaya idali nthenda yosowa, yogwira madoda okalamba, ndipo inkayenda pang'onopang'ono. M'maiko a pakati ndi kummawa kwa Africa idalipo ndithu kale, ikugwira abambo m'miyendo ndi ana ena m'zotupa za mwanabere. Zinthu zidatembenuka mu 1981 pomwe madokotala a ku New York ndi California adadabwa kuona anyamata a misinkhu yabwino akubwera ndi mawanga a nthenda ya okalambayi. Chimenechi chidali chimodzi mwa zizindikiro zoyamba zomwe zidadziwitsa dziko lapansi kuti kwagwa mliri watsopano. Kuno kwathu wodwala Edzi woyamba adapezeka mu 1985.

Padatenga zaka zina kuti mwini wake weniweni wa mawangawo agwidwe. Mu 1994 akatswiri awiri a pa yunivesite ya Columbia ku New York, Yuan Chang ndi Patrick Moore, adapeza m'zotupa za Kaposi kachirombo komwe lero kamatchedwa HHV-8. Popanda kachiromboka, khansa ya Kaposi sibwera, kaya munthu ali ndi HIV kapena ayi.

Apa pali mfundo yomwe mabanja ayenera kuimvetsa bwino, chifukwa yapasula maukwati mosayenera. Mu Africa muno HHV-8 imafala kwambiri kudzera m'malovu, ndipo anthu ambiri amaitenga akadali ana, pakhomo pa makolo awo, posewera ndi anzawo kapena potafuniridwa chakudya. Ambiri mwa iwo amakalamba mpaka kufa ndi zina osadziwa kuti adali nako kachiromboka, popeza chitetezo cha m'thupi chimakapanikiza moyo wonse. Choncho mawanga a Kaposi akatuluka pa mwendo wa bambo, sindiye kuti bamboyo wayambiranso zibwenzi. Mwina kachiromboko adakatenga akuyamwa. Ankhoswe omwe amaitanidwa kudzaweruza nkhani zotere akadadziwa zimenezi, milandu ina ikadatha isanayambe.

Kukula kwa vutoli kudaonekera poyera pomwe akatswiri adasonkhanitsa chiwerengero cha odwala khansa m'zipatala za m'dziko muno kuyambira 2007 mpaka 2010. Mwa odwala pafupifupi 19,000 omwe adalembedwa, 34 mwa 100 alionse adali ndi Kaposi. Mwa abambo okha, theka lonse lidali la khansa imeneyi. Kufalikira kwa ma ARV kwachepetsa chiwerengerochi kwambiri, ndipo palibe chida china choposa ma ARV popewa Kaposi. Koma nthendayi siidathe. Imagwirabe omwe achedwa kuyezetsa magazi, makamaka abambo, omwe adasiya mankhwala atapita kukagwira ntchito ku Joni kapena kunyanja, ndiponso ena ochepa omwe akumwa bwinobwino.

Tsoka la Kaposi ndi loti poyamba sapweteka. Amayamba ngati banga lakuda kapena lofiirira pa phazi, pa mwendo, pamphuno kapena kumwamba kwa m'kamwa, losayabwa, ndipo mwini wake amaliyesa chipsera. Mwendo ukayamba kutupa, mudzi umakhala utapeza kale dzina la nthendayo: waponda mankhwala, amutchera panjira anzake ochita nawo mpikisano pa geni. Kuchokera apo ulendo umakhala wa kwa sing'anga, mphini zimatemedwa pa mwendo womwe magazi ndi madzi sakuyenda bwino, zilonda zimalowa, mbuzi ndi njinga zimagulitsidwa. Pomwe wodwala azifika ku chipatala chachikulu, khansa imakhala italowa m'mapapo kapena m'matumbo. Chonsecho mawanga akakhala ochepa, ma ARV okha amatha kuwafafaniza. Akachuluka pamafunika mankhwala a khansa a m'diripi, ndipo kafukufuku yemwe zotsatira zake zidatuluka mu 2020, momwe odwala a m'Malawi muno adatengako mbali limodzi ndi a ku Kenya, Uganda, Zimbabwe, South Africa ndi Brazil, adaonetsa kuti mankhwala a paclitaxel amathandiza kuposa omwe zipatala za maiko osauka zinkadalira kale.

Palinso chinthu china chomwe chimasokoneza mabanja. Odwala ena akangoyamba ma ARV, mawanga a Kaposi amakula m'malo mochepa m'masabata oyambirira. Izi zimachitika kaamba koti asilikali a m'thupi omwe adali chigonere adzambatuka n'kuyamba nkhondo mwaukali. Achibale akaona zimenezi amalanda botolo la mankhwala n'kulitaya m'chimbudzi. Chofunika panthawi yotere ndi kubwerera kuchipatala msanga, mankhwala akumwedwabe. Wachipatala yemwe adayang'ana khungu ndi m'kamwa mwa wodwalayo tsiku loyamba akadachenjeza banjalo pasadakhale. Kuyang'ana kumeneku sikufuna makina kapena ndalama za Global Fund. Kumangofuna kuti wodwala avule nsapato, akwinye buluku kapena chitenje mpaka m'maondo, ayasamule.

Koma khansa yomwe ikutha amayi ambiri m'dziko muno ndi ya khomo la chiberekero, ndipo pa imeneyi ma ARV sadathandize monga adachitira pa Kaposi. Bungwe loona za khansa pansi pa WHO lidayerekeza kuti mu 2020 amayi 4,145 a m'Malawi adapezeka ndi khansayi ndipo 2,905 adamwalira nayo. Kugawa chiwerengerochi ndi masiku a pachaka, ndiye kuti amayi pafupifupi 8 tsiku lililonse, minibasi yodzaza pa masiku awiri alionse. Malawi ali m'gulu la maiko omwe khansayi imapha amayi ochuluka zedi padziko lonse poyerekeza ndi chiwerengero cha anthu.

Woyambitsa wake ndi HPV. Katswiri wa ku Germany, Harald zur Hausen, ndiye adatsimikiza zimenezi atapeza mitundu iwiri ya kachiromboka, HPV 16 mu 1983 ndi HPV 18 mu 1984, yomwe imayambitsa pafupifupi 70 mwa khansa 100 zilizonse za khomo la chiberekero. Mu 2008 iye adalandira mphotho ya Nobel, ndipo omwe adagawana naye mphothoyo adali Françoise Barré-Sinoussi ndi Luc Montagnier a ku France, omwe adatulukira kachirombo ka HIV. Tizirombo tiwiriti tidakumana pa nsanja imodzi ku Stockholm monga momwe timakumanirana m'thupi la mayi wa ku Lizulu kapena ku Mponela.

HPV imafala pogonana, ndipo ndi yofala kwambiri moti pafupifupi aliyense yemwe adakhalapo malo amodzi ndi mwamuna kapena mkazi amakumana nayo nthawi ina pa moyo wake. Mayi yemwe adadziwa mwamuna mmodzi yekha chikwatiwire akhoza kukhala nayo. Mwa amayi ambiri thupi limaichotsa lokha pasanathe zaka ziwiri. Mwa mayi yemwe ali ndi HIV kachiromboka kamakakamira, ndipo kakakakamira kamayamba kusintha maselo a pa khomo la chiberekero mwakachetechete. Malinga ndi WHO, kusinthaku kumatenga zaka 15 mpaka 20 kuti kufike pa khansa mwa mayi wa chitetezo chokwanira, koma zaka 5 mpaka 10 zokha mwa yemwe chitetezo chake chidafooka. Bungweli limatinso mayi yemwe ali ndi HIV ali pa chiopsezo chochuluka kasanu n'kamodzi kuposa mnzake yemwe alibe. Pa chifukwa ichi, kuyambira 1993 khansayi idaikidwa pa mndandanda wa matenda osonyeza kuti munthu wafika pa Edzi.

Pali chinthu chowawa chomwe chiyenera kunenedwa mosabisa. Kale amayi ambiri omwe adali ndi HIV ankamwalira ndi TB kapena kutsegula m'mimba khansayi isanapeze mpata wokula. Lero ma ARV awapatsa zaka zambiri, ndipo zaka zomwezo ndi zomwe HPV imafuna kuti imalize ntchito yake. Mayi yemwe adayamba mankhwala mu 2011, pomwe Malawi adakhala dziko loyamba kuika amayi onse oyembekezera ndi oyamwitsa omwe ali ndi HIV pa ma ARV a moyo wonse, lero ali m'zaka zomwe khansayi imakonda. Dziko lomwe lidamupulumutsa pamodzi ndi khanda lake nthawi imeneyo lili naye ndi ngongole yomuyeza.

Zaka zimene kachiromboka kakugwira ntchito mobisa ndizo mwayi wa mayi. Namwino amapaka viniga pa khomo la chiberekero n'kudikira mphindi imodzi. Malo omwe ayamba kusintha amayera. Ngati malowo ndi ochepa, amawaotcha tsiku lomwelo ndi kachipangizo kotentha, kwa nthawi yosakwana mphindi imodzi, mayi n'kubwerera kwawo ndi miyendo yake, chiberekero chake chili chonse, akhozanso kubereka. Chipatala cha Nkhoma chidaonetsa kuyambira 2013, mothandizidwa ndi boma la Scotland, kuti njira imeneyi ingatheke ngakhale m'zipatala zazing'ono za kumudzi. Ku Blantyre, bungwe la Médecins Sans Frontières lakhala likugwira ntchito ya khansayi limodzi ndi chipatala cha Queen Elizabeth kuyambira 2018. WHO imalangiza kuti mayi yemwe ali ndi HIV ayambe kuyezedwa akafika zaka 25, ndipo komwe akugwiritsa ntchito viniga abwerezenso pakatha zaka zitatu zilizonse.

Nanga chikulepheretsa n'chiyani? Manyazi alipo, makamaka woyeza akakhala mwamuna wa msinkhu wa mwana wako, ndipo akuluakulu adanena kale za mbewa yamanyazi yomwe idafera kuuna. Mphekesera ziliponso, zoti akakuyeza amakuchotsa chiberekero, kapena zoti chitsulo choyezera ndicho chimabweretsa khansa. Koma sichilungamo kuunjika mlandu wonse pa amayi. Mayi wogulitsa mandasi akataya tsiku la msika kukafola mzere wa ma ARV, n'kuuzidwa kuti zoyeza khomo la chiberekero zimachitika tsiku lina, kuchipinda china, mwinanso ku chipatala cha boma la kutali, sabweranso. Ndalama ya minibasi yapita, phindu la tsikulo lapita, ndipo thupi silikumupweteka. Aliyense wodziwa kuwerengera ndalama za pakhomo angachite chimodzimodzi. Popeza masiku ano ambiri amalandira mankhwala a miyezi isanu ndi umodzi nthawi imodzi, mayi wotere amaponda pachipatala kawiri kokha pa chaka. Kumuyeza kuyenera kuchitika pa limodzi mwa masiku awiriwo, asanalandire botolo lake, pansi pa denga lomwelo.

Abambo nawo ali ndi mbali yawo, ndipo si yaing'ono. Mayi akaotchedwa pa khomo la chiberekero amauzidwa kuti apume osakhala malo amodzi ndi bambo kwa pafupifupi mwezi kuti bala lipole. Alipo amayi omwe amakana thandizoli poopa zomwe akakumane nazo kunyumba akakanena zimenezi. Bambo yemwe sangapirire mwezi umodzi adziwe kuti khansa ikakula adzapirira zaka, akusinthanitsa zitenje zonyowa magazi ndi kupempha ndalama kwa alamu ake. Komanso HPV siisiya amuna. Imayambitsa khansa ya chida cha abambo, ya kotulukira chimbudzi ndi ya kukhosi, ndipo izinso zimachuluka mwa omwe ali ndi HIV. Mdulidwe wa kuchipatala umachepetsa mpata woti mwamuna asunge kachiromboka n'kupatsira mkazi wake. Kondomu imathandizako, ngakhale siitchinga kotheratu chifukwa HPV imadutsanso pa khungu lomwe kondomu siifikapo.

Zizindikiro zikayamba kuoneka, monga kutaya magazi mayi akakhala malo amodzi ndi bambo, kusamba pakati pa mwezi, kuyambiranso kusamba mayi atasiya kale, kapena chikazi chonunkha chosamva mankhwala, nthawi ya viniga imakhala itapita. Apa pamafunika opaleshoni, mankhwala a m'diripi kapena kuotcha ndi makina a radiotherapy. Mpaka 2024 makina amenewa m'dziko muno mudalibe, ndipo odwala ochepa omwe adali ndi mwayi ankatumizidwa kunja monga ku Zambia, Tanzania ndi India. Ngakhale tsopano makinawa adafika, mtunda wochokera ku Chitipa kapena ku Nsanje sudafupike, ndipo wodwala amafunika womudikirira kwa masabata angapo mumzinda momwe alibe mbale.

Kachirombo kachitatu, ka Epstein-Barr, kali ndi mbiri ya kuno ku Africa. Dokotala Denis Burkitt, yemwe ankagwira ntchito ku Uganda, adalemba mu 1958 za chotupa chomwe chinkatupitsa nsagwada za ana, ndipo m'zotupa zotumizidwa kuchokera ku Uganda komweko ndi momwe Anthony Epstein, Yvonne Barr ndi Bert Achong adapeza kachiromboka ku London mu 1964. Kadali koyamba kudziwika kuti kangayambitse khansa mwa munthu. Akuluakulu oposa 90 mwa 100 alionse padziko lapansi ali nako ndipo sikawavuta. Mwa ana a kuno kamagwirizana kwambiri ndi malungo, pomwe mwa akuluakulu omwe ali ndi HIV kamathandizira khansa ya m'zotupa za mwanabere yotchedwa lymphoma. Vuto la khansa imeneyi ndi loti imavala nkhope ya TB: zotupa m'khosi kapena m'khwapa, kutuluka thukuta usiku, kuonda, kutentha thupi. Odwala ambiri amayamba amwa kaye mankhwala a TB kwa miyezi. Banja likaona kuti mankhwala a TB akumwedwa koma chotupa chikungokula, lili ndi ufulu wofunsa kuti kanyama ka chotupacho kadulidwe kakayezedwe. Lymphoma imathamanga, komanso ndi imodzi mwa khansa zomwe zimamva mankhwala.

Za hepatitis B anthu sazikamba kwenikweni, chonsecho ndiyo gwero lalikulu la khansa ya chiwindi mu Africa. Ambiri amaitenga pobadwa kapena ali aang'ono, ena kudzera m'magazi, malezala obwerekana potema mphini, kapena pogonana. Katemera wake adalowa m'ndondomeko ya katemera wa ana m'dziko muno mu 2002, kutanthauza kuti pafupifupi onse obadwa chisanafike chaka chimenecho adakula opanda chitetezochi. HIV ikakhalapo, chiwindi chimaonongeka msanga. Kachasu amaonjezera moto, chimodzimodzinso chuku cha pa chimanga ndi mtedza wosauma bwino, chomwe chimatulutsa poizoni wotchedwa aflatoxin. M'nyumba zambiri mtedza wabwino umapita kumsika ndipo woola ndiwo umasinjidwa kukhala nsinjiro za pakhomo, zomwe kwa munthu wa chiwindi chodwala kale ndi kudzikumbira dzenje.

Mwamwayi, piritsi la tsiku ndi tsiku lomwe Amalawi ambiri akhala akumwa kuyambira 2019 lili ndi mankhwala a tenofovir ndi lamivudine, omwe amapanikizanso hepatitis B. Ambiri akuchiritsidwa nthenda yomwe sadziwa n'komwe kuti ali nayo. Koma mwayi umenewu uli ndi msampha wake. Munthu wotere akasiya ma ARV mwadzidzidzi, kaya chifukwa wauzidwa ku mapemphero kuti wachira, kaya mankhwala amuthera ali paulendo, hepatitis B imatha kudzuka mwaukali, maso n'kuchita chikasu, chiwindi n'kulephera m'masabata ochepa. Zomwezi zingachitike ngati achipatala amusinthira mankhwala kaamba ka vuto la impso osadziwa kuti alinso ndi kachirombo ka chiwindi. Kuyeza kwake n'kwa kadontho ka magazi a pachala, ngati kwa HIV komwe. Kamodzi kokha pa moyo, zotsatira zake n'kulembedwa m'kabuku ka kuchipatala, zingakwanire kuteteza munthu ku ngozi imeneyi.

Alipo omwe anganene kuti zonsezi ndi maloto a chumba, ndipo mfundo zawo si zopepuka. Wachipatala mmodzi amaona anthu ochuluka pa tsiku, mzere utafika panja, ndiye kumuuza kuti azivulitsanso nsapato aliyense kuli ngati kusenzetsa bulu katundu wina ali kale chogwada. Ndalamanso zavuta. Gawo lalikulu la ntchito yoyeza amayi omwe ali ndi HIV linkayenda ndi thandizo la boma la America kudzera ku PEPFAR, makamaka chiyambire mgwirizano wa Go Further mu 2018, momwe Malawi adali m'gulu la maiko oyamba. Mu Januwale 2025 boma la America lidaimitsa thandizo lake lambiri la kunja, ndipo mabungwe ambiri a zaumoyo adagwedezeka. Pa nthawi yotere, mtsogoleri aliyense wa chipatala amayamba wateteza mapilitsi, zina zonse n'kuziyesa zapamwamba.

Kuteteza mapilitsi n'koyenera, chifukwa popanda iwo Kaposi ndi lymphoma zibwerera ngati kale. Koma kuyesa kuyeza khansa chinthu chapamwamba ndi kuwerengera molakwika. Botolo la viniga ndi kachipangizo kootchera ka batire sizingafanane mtengo ndi bedi la m'chipatala chachikulu lomwe mayi mmodzi wa khansa yokula amagonapo kwa miyezi. Boma lomwe lagulira mayi ma ARV kwa zaka khumi ndi zisanu, n'kumutaya ndi nthenda yomwe ikadatha ndi mphindi imodzi, lataya ndalama zonse zija pamodzi ndi mayiyo, ndipo latsala ndi ana amasiye. Za kuchepa kwa ogwira ntchito, si zonse zomwe zimafuna dokotala. Alangizi a zaumoyo ndi anthu odzipereka omwe nawonso ali pa mankhwala, omwe kale amathandiza m'zipatala za ma ARV, angaphunzitsidwe kuzindikira banga lokayikitsa ndi kufunsa mayi kuti adayezedwa liti. WHO imavomerezanso kuti mayi adzitenge yekha chikazi ndi kathonje kuti chikayezedwe HPV, njira yomwe imachotsa vuto la manyazi ndi kuchepetsa mzere wa kwa namwino.

Mfundo ina ya otsutsa ndi yoti kuyeza munthu n'kumupeza ndi nthenda yomwe sungathe kumuchiza ndi nkhanza. Izi n'zoona, ndipo n'chifukwa chake chipatala chilichonse choyeza chiyenera kukhala ndi chootchera chogwira ntchito tsiku lomwelo. Kuuza mayi kuti khomo lake layera n'kumutumiza kwina opanda tsiku lenileni ndi kumupatsa nkhawa yokha basi. Makomiti a zaumoyo a m'madera, mafumu ndi makhansala ali ndi mphamvu yofunsa mafunso awa ku ofesi ya zaumoyo ya boma lawo: kodi pano amayeza tsiku la ma ARV? Chootchera chilipo, nanga chikugwira ntchito? Zotsatira za kanyama kotumizidwa ku labu zimatenga masabata angati kuti zibwere? Mu Novembala 2020 maiko a m'bungwe la WHO adakhazikitsa cholinga choti pofika 2030 atsikana 90 mwa 100 alionse akhale atabayidwa katemera, amayi 70 mwa 100 atayezedwa, ndipo 90 mwa 100 opezeka ndi vuto atathandizidwa. Ziwerengerozi zidzakwaniritsidwa kapena kulephereka pa zipatala zazing'ono za pa Jenda, Thondwe ndi Nchalo.

Katemera wa HPV ndiye angadule nkhaniyi pa muzu. Adayesedwa koyamba m'maboma a Rumphi ndi Zomba kuyambira 2013, ndipo mu Januwale 2019 adafalikira dziko lonse kwa atsikana a zaka 9. Amaperekedwa pa msinkhu umenewu chifukwa amateteza bwino mwana asanakumane ndi kachiromboka. Sachiza yemwe ali nako kale, ndiponso alibe chochita ndi kubereka, ngakhale mphekesera zoti amatseketsa mimba zakhala zikuthawitsa ana kusukulu tsiku la katemera. Agogo ndi azakhali omwe amabisa mdzukulu tsiku limenelo ndi omwewo amadziwa bwino fungo la chipinda cha mayi wodwala khansayi.

Pa katemerayu pali kagulu ka atsikana komwe kakhoza kuiwalika mosavuta. Mu 2022 WHO idanena kuti kubaya kamodzi n'kokwanira kwa atsikana ambiri, koma kwa omwe ali ndi HIV pamafunika kawiri, ndipo ngati n'kotheka katatu. Atsikana omwe adabadwa ndi kachiromboka ali m'kalasi limodzi ndi anzawo, ndipo wobaya katemera pasukulu sangawadziwe, komanso sayenera kuwafunsa pamaso pa anzawo ndi aphunzitsi. Malo okhawo omwe amadziwa za mwana wotere ndi chipatala chomwe amakatengako mankhwala, kapena gulu la achinyamata la Teen Club lomwe limakumana Loweruka m'zipatala zambiri. Kumeneko ndiko kabuku kake kayenera kutsegulidwa kuti aone wabayidwa kangati, ndipo kholo kapena womulera akamapita naye kukatenga mankhwala a mwezi ukubwerawu anyamule kabukuko n'kufunsa namwino za jakisoni wotsalayo.